Bougainvillea wa masamba okhaokha: chimene chimamumana maluwa kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje

Anthu akaima pampanda wanga mwezi wa Ogasiti, funso lawo limakhala limodzimodzi. "Inu wanuyu mumamuthira chiyani? Wanga uja wakula mpaka kudenga, masamba ali biriwiri, minga ngati misomali, koma duwa ngakhale limodzi." Ndikawayankha kuti sindithira kanthu, ena amaganiza kuti pali mankhwala amene ndikuwabisira. Palibe chobisika. Kuno kwathu bougainvillea sakanika kuchita maluwa chifukwa cha njala ayi, amakanika chifukwa chokhuta. Timamupatsa madzi ambiri, manyowa ambiri ndi mthunzi wambiri, kenako mvula yathu n'kudzathira pamwamba pake.

Nane ndinadutsamo. Woyamba wanga ndinamudzala pakona pa khonde, pamene madzi a malata amagwera, poganiza kuti ndamusankhira malo abwino kuposa onse. Zitosi za nkhuku ndinkathira pafupipafupi, ndipo madzi otsukira mbale ankathera pomwepo. Zaka zitatu zinatha ndikungodula nthambi zotchinga zenera. Tsiku lina anadutsa agogo ena a m'mudzi mwathu, amene unyamata wawo wonse anathera posamala maluwa m'nyumba za ku esiteti ya tiyi. Anazungulira chitsambacho kawiri, natola dothi la patsinde, nalifinya m'dzanja. Linagwirana ngati dongo loumbira mphika, pamene unali mwezi wa Sepitembala.

"Mwana wanga," anatero, "duwa ili mwalilera ngati nthochi. Nthochi ndiyo imafuna phazi lonyowa. Uyu ndi wa padzuwa, akamva ludzu m'pamene amakumbuka zobereka."

Ndinafunsa kuti, "Nanga feteleza woyenera ndi uti, agogo?"

"Muyambe mwamuchotsera ndowa. Za feteleza tidzakamba chaka chamawa."

Mumuyang'ane pafupi kaye

Bougainvillea si wa kuno. Kwawo ndi ku South America, makamaka ku Brazil ndi ku Peru. Dzina lake linachokera kwa Louis Antoine de Bougainville, Mfalansa amene anatsogolera ulendo wa sitima wozungulira dziko kuyambira 1766 mpaka 1769. Pa ulendowo panali katswiri wa zomera, Philibert Commerson, ndi womuthandiza wake Jeanne Baret, mkazi amene anakwera sitimayo atavala ngati mwamuna chifukwa akazi sankaloledwa. Chomerachi anachitola chakufupi ndi Rio de Janeiro, ndipo kuchokera kumeneko chinafalikira m'mayiko otentha mpaka kufika m'mipanda yathu.

Thyolani kanthambi kamene kali ndi maluwa, mukaike m'dzanja. Zofiira, zapinki kapena zofiirira zimene tonse timazitcha maluwa si maluwa enieni. Ndi masamba atatu opyapyala ngati pepala, okhala ndi mitsempha ngati tsamba lina lililonse. Duwa lenileni ndi kachubu kakang'ono pakati pawo, kokhala ndi kamutu koyera, ndipo nthawi zambiri timakhala titatu, kamodzi pa tsamba lililonse.

Kenako yang'anani pamene tsamba lobiriwira lagwirana ndi nthambi. Pamenepo m'pamene pamatuluka munga, ndipo ndi pomwepo pamene pamatuluka phesi la maluwa. Mphukira yake ndi imodzi. Chomera chikakhala pa mtendere wa madzi ndi chakudya, mphukira ija imauma nsonga n'kusanduka munga woti chikwerere pamwamba. Chikamva chilala ndi dzuwa, mphukira yomweyo imatambasuka n'kubala maluwa. Chidziwireni zimenezi, nthambi yaitali ya minga yokhayokha ndimaiona mosiyana: malo onse a maluwa alipo, kungoti chomera sichinaone chifukwa chowatulutsira.

China choti mudziwe n'chakuti maluwa amabwera pa mphukira zatsopano, osati pa thunthu lakale. Komanso bougainvillea alibe timanja topota ngati ta magalagadeya kapena maungu. Iye amangotsamira pa chimene wapeza n'kukola ndi minga yake.

Dzuwa, ndi khoma limene munasankha

Musanakhudze china chilichonse, khalani pakhomo tsiku limodzi muwerenge maola amene dzuwa limamenya chomeracho mwachindunji. Akachepera asanu kapena asanu ndi limodzi, vuto mwalipeza kale, ndipo palibe feteleza amene angalithetse. Kuwala kwa pansi pa mtengo wa mapeyala kapena mango si dzuwa. Makomo athu ambiri kuno ndi odzaza mitengo, ndipo mtengo umene unali kamwana pamene munkadzala duwa lero ndi umene waliphimba.

Pali chinthu chimodzi chimene ambiri sachiganizira podzala. Ife tili kummwera kwa dziko lapansi, choncho miyezi yambiri ya chaka, makamaka kuyambira Epulo mpaka Ogasiti, dzuwa limayenda chakumpoto. Khoma loyang'ana kumpoto limaotha tsiku lonse nyengo yozizira, pamene loyang'ana kummwera limakhala mumthunzi wa nyumba yomweyo, mpaka ndere kumera pa njerwa. Imeneyi ndiyo miyezi imene bougainvillea amakonzekera maluwa, masiku atafupika ndipo mvula italeka. Mukamudzala kukhoma la kummwera ndiye kuti mwamubisa panthawi imene amafuna dzuwa kwambiri. Khoma la kumadzulo nalo ndi labwino, chifukwa m'mawa wa chiperoni nkhungu imachedwa kuchoka, koma masana dzuwa likatuluka limawomba kumeneko. Amene muli m'tsinde mwenimweni mwa phiri la Mulanje onjezerani mthunzi wa phirilo pa chiwerengero chanu.

Ngati mthunzi ukuchokera ku nthambi ziwiri zitatu za mtengo, tengulirani. Ngati ukuchokera ku nyumba, pali njira ziwiri: kumutsogolera pa waya kuti mutu wake ukafike podutsa dzuwa, kapena kudzala wina pamalo ena. Tsinde likhoza kukhala mumthunzi popanda vuto, bola nthambi zili padzuwa.

Madzi, amene ndi mlandu waukulu kuno

Dera limene tiyi amakondwa ndi dera limene bougainvillea amavutika. M'minda ya tiyi ya kummwera kwa phiri la Mulanje mvula imapitirira mamilimita 1,500 pachaka. Ikatha ya dzinja mu Epulo, kumabwera chiperoni, kamvula kowaza kochokera mbali ya ku Mozambique, kamene kamatha masiku angapo kasanakate pakati pa Meyi ndi Ogasiti. N'chifukwa chake mukatsika ku Luchenza kapena chigwa cha Thuchila, kumene kumatentha ndi kuuma msanga, mumapeza mipanda ili psuu ngakhale eni ake saisamala, pamene kumtunda kuno munthu wakhama ali ndi masamba okhaokha. Mvula sitingailetse. Chimene tingathe n'kuonetsetsa kuti madzi sakukhalitsa pa mizu, ndi kuleka kuwonjezera athu.

Bougainvillea amene wakhazikika m'nthaka, amene wadutsa chilimwe chimodzi kapena ziwiri, safuna kuthiriridwa ngakhale pang'ono. Mu Okutobala, kapinga atapsa n'kusanduka wotuwa, iye m'pamene amakongola. Amene amafuna madzi ndi wongodzalidwa kumene, mwina kamodzi pa sabata chilimwe choyamba, madzi ambiri nthawi imodzi kuti alowe pansi, osati kuwaza pang'onopang'ono tsiku lililonse.

Anthu ena amandiuza kuti, "Ine sindithirira." Ndikapita kukaona, ndimapeza chomera chikumwa mwakabisira. Pena ngalande ya ku bafa imadutsa mamita awiri kuchokera patsinde. Pena mpopi wa panja umadontha usana ndi usiku, kapena m'mbali muli bedi la mpiru ndi tomato limene limathiriridwa m'mawa ndi madzulo. Pena ndi madzi a malata ngati kwa ine. Mizu ya bougainvillea wamkulu imayenda kutali, ndipo ikangopeza dzenje la madzi oipa yapeza madzi ndi manyowa nthawi imodzi. Tsatani madzi onse a pakhomo panu muone kumene amathera. Patutsani ngalande, konzani mpopi, ikani chotchingira madzi kudenga kuti azigwera mu diramu.

Dothi nalo muliyese. Kumbani dzenje lofika m'bondo pafupi ndi pamene mukufuna kudzala, mudzaze madzi madzulo. Mukapeza madzi akadalimo m'mawa, malowo si ake. Katondo wathu wofiira amamwa madzi bwino akakhala pamtunda kapena potsetsereka, koma pamalo otsika, kapena pamene anthu apondaponda pomanga nyumba, amagwira madzi ngati beseni. Pamalo otero unjikani dothi losakaniza ndi mchenga wa kumtsinje ndi timiyala, likwere ngati kachulu kofika masentimita 30 kapena 40, mudzale pamwamba pake.

Wa mumphika, m'ndowa kapena m'chigubu chodula ndiye wosavuta kumulamula, ndipo amene muli kumalo a mvula yambiri ndikukulangizani njira imeneyi. Chiwiyacho chikhale ndi zibowo zambiri pansi, ndipo chikhale pa njerwa kuti madzi azituluka, osati m'mbale yosunga madzi. Chisakhale chachikulu kwambiri. Bougainvillea amachita maluwa bwino mizu ikadzaza mphika, ndipo mukamusamutsira m'chimphika chachikulu amatha chaka akungoyala mizu. Nthawi ya chiperoni mukokereni pansi pa denga mbali ya kumpoto, pamene dzuwa limafika koma mvula siifika. Kathiriridwe kake ndi aka: dikirani mpaka dothi liume kufika pamene chala chanu chathera, ndipo nsonga zanthete ziyambe kuwerama pang'ono m'mawa, osati masana okha. Apo thirani madzi okwanira mpaka atuluke pansi, kenako mulekenso. Mukachita zimenezi kwa masabata angapo mudzaona timasamba ting'onoting'ono tamtundu tikutuluka kunsonga. Tikangooneka, musamuumitsenso kwambiri, chifukwa ludzu loopsa panthawi imeneyi limayoyola maluwa asanakule. Kufota pang'ono n'kumene tikufuna. Masamba akafika pouma n'kumathetheka, mwapyola.

Zitosi, urea ndi manyowa a mbeya

Ndife alimi a chimanga, ndipo dzanja lathu linazolowera kuti chomera chikaoneka chofooka timathira urea. Mu urea muli nayitulojeni wokwana 46 pa 100 alionse, ndipo ntchito ya nayitulojeni ndi kukulitsa masamba ndi mapesi. CAN nayenso ndi wa masamba. Zitosi za nkhuku, manyowa a mbeya amene timasakaniza ndi feteleza, ndi dothi la pakhola la mbuzi, zonsezi kwa bougainvillea ndi uthenga umodzi: kula, usabereke. Mudzamudziwa wokhuta nayitulojeni ndi masamba aakulu obiriwira modera, ndi nthambi zonenepa zimene zimatalika mothamanga m'dzinja.

Mankhwala ake ndi kuleka. Palasani manyowa amene ali pamwamba, musakumbe mozama, ndipo dikirani mvula ya dzinja limodzi itsuke zotsalazo. Ngati mumathira feteleza pa kapinga, siyani mpata wa mamita awiri kuzungulira tsinde. Wa m'nthaka nthawi zambiri safuna chakudya china. Wa mumphika yekha ndiye amafunika pang'ono, chifukwa madzi amakokolola chakudya chake. Mupatseni feteleza wochepa nayitulojeni ngati D Compound wa alimi a fodya, wolembedwa 8:18:15 pathumba (nambala yoyambayo ndiyo ya nayitulojeni), kasupuni kakang'ono kamodzi m'mbali mwa mphika dothi lili lonyowa, maluwa akatha kuyoyoka. Phulusa la nkhuni lili ndi potaziyamu amene amathandiza maluwa, ndipo dzanja limodzi kawiri pachaka ndi lokwanira. Musasandutse patsinde pake kukhala dzala la phulusa, chifukwa likachuluka limasintha dothi n'kuyambitsa vuto lina la masamba achikasu.

Chikwanje

Ndikadutsa pa mpanda wa bougainvillea wometedwa bwino ngati pamwamba pa munda wa tiyi, ndimamva chisoni. Tiyi timamudula pamwamba chifukwa tikufuna nsonga zanthete zokathyola. Kwa bougainvillea nsonga zomwezo ndizo zimanyamula maluwa, ndiye mukamameta mwezi ndi mwezi mumataya maluwa asanabadwe. Muyenera kusankha: mpanda wosalala, kapena mpanda wa maluwa.

Ine ndimadula kawiri pachaka. Kudula kwakukulu ndimachita maluwa a chilimwe akatha, mvula yoyamba itagwa mu Novembala kapena Disembala. Apo ndimachotsa zouma, zopingasana, ndi zonse zolowera kudenga. Kwachiwiri ndi kumapeto kwa mvula, cha mu Epulo, ndipo ndi kopepuka: kufupikitsa nthambi zimene zathamanga m'dzinja ndi kutsina nsonga kuti zigawike. Mphukira zimene zimatuluka pambuyo pake zimakumana ndi nyengo youma, ndipo ndizo zimapsa ndi maluwa kuyambira m'nyengo yozizira mpaka Okutobala. Kuchoka apo sindikhudzanso, kupatula kudula kansonga kamene maluwa ake atha kuti katulutse ena.

Nthambi zonenepa zoloza kumwamba zija musazidule zonse. Mukazidula patsinde chomera chimakwiya n'kutulutsa zina zitatu. Sankhani ziwiri kapena zitatu, muziweramitse zikadali zofewa, muzigoneke chopingasa pa waya n'kuzimanga. Nthambi yogona imaleka kuthamanga, ndipo imatulutsa timphukira tifupitifupi m'litali mwake monse. Timeneto ndito timachita maluwa. Njira imeneyi inandithandiza kuposa china chilichonse pambuyo pa kuleka madzi. Mangani ndi chingwe cha khonje kapena nsanza, momasuka. Waya wopyapyala amalowa m'khungwa nthambi ikamanenepa.

Gwiritsani sizasi yodulira maluwa kapena mpeni wakuthwa pa nthambi zazing'ono, ndi sowo pa zazikulu. Chikwanje chimang'amba, ndipo bala long'ambika m'nyengo ya mvula limaola.

Masamba akasanduka achikasu kapena kuyoyoka

Apa anthu amathamangira kuthira madzi ndi feteleza, pamene nthawi zambiri madziwo ndiwo ayambitsa. Onani nyengo kaye. Masamba akayoyoka mu Juni ndi Julayi, usiku kukuzizira, si matenda. Bougainvillea amavula masamba ena nthawi yozizira, ndipo ena amachita maluwa ali pafupifupi mbulanda. Kandani khungwa ndi chikhadabo: mukaona zobiriwira mkati, ali moyo, musiyeni. Wa mumphika amayoyolanso masamba mukamusuntha mwadzidzidzi kuchoka padzuwa kupita mumthunzi.

Koma masamba akachita chikasu mu Januwale kapena Febuluwale, dothi lili chinyontho, nsonga zikufota ngakhale madzi alipo, ndiye kuti mizu ikuola. Fukulani pang'ono m'mbali. Muzu wamoyo ndi wolimba ndi woyererako, woola ndi wakuda, wofewa, ndipo umanunkha. Kumbani kangalande kotulutsa madzi, chotsani udzu ndi zinyalala zimene mwaphimbira patsinde, ndipo wa mumphika mubooleni zibowo zina n'kumuika pouma. Mvula ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, imene inatipweteka m'njira zazikulu kwambiri kuposa za maluwa, inandiphera awiri amene anali pamalo otsika, pamene wa pachulu sanagwetse ngakhale tsamba.

Pali chikasu china chimene chimasiya mitsempha ya tsamba ili yobiriwira. Chikayamba pa masamba akale a m'munsi, kawirikawiri ndi kusowa kwa magineziyamu, amene amakokoloka msanga m'dothi la kumalo a mvula yambiri. Mchere wa Epsom wa ku famase, supuni yaikulu imodzi m'malita 5 a madzi, umathandiza. Chikayamba pa timasamba tatsopano ta kunsonga, ndi ayironi amene chomera chikulephera kutenga, ndipo muyang'ane ngati simunachulutse phulusa, kapena ngati simunadzale pa zinyalala za simenti ndi laimu zimene amisiri anakwirira m'mbali mwa khoma.

Za tizilombo sindichulutsa, chifukwa bougainvillea ndi wolimba. Nsabwe za m'masamba zimaunjikana pa nsonga zanthete n'kuzipiringiza, ndipo nthawi zina pamabwera tizilombo toyera ngati thonje tofanana ndi kodikodi wa chinangwa. Mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika pa tsinde, tsatani kumene zikupita, mudzazipeza. Madzi a sopo wochapira wa mtanda, osungunula pang'ono, opopera madzulo masiku angapo, amakwana. Mbozi zodya m'mphepete mwa masamba tolani ndi manja. Chomera chokhuta nayitulojeni ndicho chimakoka nsabwe kwambiri. Mbuzi nazo zimadya nsonga za wamng'ono, minga isanalimbe, ndiye mutchingireni.

Mitundu si yofanana

Ndaona kuti wofiirira wamba uja, wa masamba osalala onyezimira, amene akatswiri amamutcha Bougainvillea glabra, ndiye amapirira chinyezi ndi kuzizira, ndipo amachita maluwa miyezi yambiri pachaka. Wa masamba aubweya ndi minga ikuluikulu yokhota, Bougainvillea spectabilis, amadikira chilala chenicheni n'kuphulika kamodzi. Oyera, achikasu, ndi a masamba amawangamawanga ndi osachedwa kudandaula, ndipo amafuna malo otentha kwambiri pakhomo. Ngati muli kumtunda kozizira ngati ku Bvumbwe kapena kufupi ndi phiri, yambani ndi wofiirira. Wa mawanga akatulutsa nthambi ya masamba obiriwira okhaokha, iduleni msanga, chifukwa ndi yamphamvu ndipo imalanda chomera chonse. Wa maluwa ounjikana ngati duwa la rozi ali ndi khalidwe loti maluwa ake akauma sagwa, amangokhala pomwepo ali bulawuni, ndiye muzichita kuwadula.

Langizo langa pogula kapena popempha mbewu: tengani kwa mnansi amene wake amachita maluwa bwino m'dera lanu lomwelo, osati wochokera kunyanja kapena ku Chikwawa amene simukudziwa ngati angapirire chiperoni.

Zodula zikamangoola, ndi wosamutsidwa akamafa

Bougainvillea sabereka njere kawirikawiri, timamuchulukitsa ndi nthambi zodula. Ambiri amalephera chifukwa amatenga nsonga yanthete n'kuizika m'dothi la manyowa, kenako kuthirira tsiku lililonse. Tengani nthambi imene yayamba kukhwima, khungwa litasiya kubiriwira, yonenepa ngati pensulo, yotalika masentimita 15 mpaka 20. Chotsani masamba onse kupatula awiri a pamwamba. Zikani theka lake mu chubu chodzaza mchenga wa kumtsinje wosakaniza ndi dothi pang'ono, popanda manyowa. Amene munagwirapo ntchito ku nazale ya tiyi mukudziwa kale zotsatira: mthunzi wopepuka, pepala la pulasitiki pamwamba losunga chinyezi, ndi madzi ochepa. Nyengo yofunda ndiyo yabwino, osati Juni. Ikani machubu pa thandala kapena pa njerwa kuopa chiswe, ndipo dzalani khumi ngati mukufuna atatu.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Timasamba titha kuphuka pakatha masabata awiri mizu isanatuluke, ndipo munthu amazula kuti aone. Musazule. Dikirani miyezi iwiri kapena itatu, mpaka mizu ionekere pansi pa chubu. Njira ina yosalephera kawirikawiri ndi kuweramitsa nthambi ya m'munsi, kuikanda pang'ono, kuikwirira ndi dothi n'kutsendereza ndi mwala. Ikamera mizu m'pamene mumaidula kwa mayi wake.

Mizu ya bougainvillea ndi yopyapyala ndi yosachedwa kuthothoka, sigwira dothi ngati ya mbande za bulugamu. Podzala musamukoke m'chubu. Ng'ambani chubucho ndi lezala, mumutsitse m'dzenje ndi dothi lake lonse, pa msinkhu womwe anali, ndipo musapondeponde mwamphamvu. Wamkulu amene wakhazikika salola kusamutsidwa mosavuta, n'kwabwino kutengako zodula.

Denga, mawaya ndi mapazi a ana

Chomerachi chimalemera kuposa mmene chimaonekera, makamaka chikanyowa. Milongoti ya bulugamu yosathira mankhwala imadyedwa ndi chiswe pansi, ndipo tsiku la mphepo zonse zimagwa pamodzi. Mupatseni zipilala za njerwa kapena mapaipi achitsulo ndi waya wokhuthala. Musamulole kukwera pa malata. Nthambi zimalowa pansi pa malata n'kuwatukula, masamba amaunjikana n'kusunga chinyezi, dzimbiri n'kuyamba. Atalikenso ndi mawaya a magetsi, ndipo akafika kale kumeneko musakwere nokha ndi chitsulo m'manja.

Podula valani magolovesi, malaya a manja aatali ndi nsapato zolimba pansi. Utomoni wake umayabwa anthu ena. Nthambi zodulidwa musaziponye m'dzenje la kompositi kapena m'njira, chifukwa minga yake siola msanga ndipo imaboola patapata ndi tayala la njinga. Ziunjikeni pakona ziume, muzitenthe. Munga ukakubayani tsukani ndi sopo, muone ngati kansonga sikanatsalire, ndipo pakatupa kapena kuchita mafinya pitani kuchipatala. M'munsi mwa chitsamba muzitengulira kuti muzioneka, pasakhale malo obisalamo njoka ndi makoswe.

Mudikire nthawi yaitali bwanji

Mukakonza zonsezi kumapeto kwa mvula, wa mumphika amayankha pakatha mwezi umodzi kapena iwiri. Wa m'nthaka amene anadya manyowa zaka zambiri akhoza kufuna chilimwe chathunthu, ngakhale ziwiri. Pa wamkulu wamakani, agogo aja anandionetsa njira ina: kuzika fosholo mozama mbali imodzi yokha, pafupifupi mita kuchokera patsinde, kudula mizu imene ikupita kumadzi. Musazungulire tsinde lonse, ndipo musayese pa wamng'ono.

Wanga wa pakhonde uja ndinamuchotsera ndowa, ndinapatutsa madzi a malata, ndinagoneka nthambi. Anachitako maluwa ochepa kunsonga zimene zinasuzumira pamwamba pa denga, koma khoma lake linali loyang'ana kummwera, ndipo pamenepo panalibe chochita. Ndinatengako zodula zisanu ndi zitatu, zinamera zitatu, ndipo ndinazidzala pa chulu chakale kumpoto kwa nyumba, pamene chimanga chinkakana. Chilimwe chachiwiri ndizo zinayamba kuimitsa anthu pamsewu. Mayi wawo ndinamudula, koma chitsa chake chinaphukanso katatu, mpaka ndinachita kuchikumba ndi pikisi. Pakhoma lija pano pali magalagadeya amene ndinawatsogolera pa waya kuti akapeze dzuwa kuseri, ndipo madzi a malata amagwera mu diramu.